Kabokosi Kong'amba Nsalu

Amake Waya sankazikonda nyimbo za mwana wawo. Tiyambe ndi zimenezo, pasapezeke wina wowanamizira. Kwa iwo nyimbo za roko linali phokoso la anthu okhuta, ndipo ankanena zimenezi pamaso pa aliyense, ngakhale atolankhani obwera ndi makamera. Koma kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anali akuzimva kudzera pakhoma limodzi lopyapyala, iwo akusoka mbali ino, mwanayo akukwapula gitala mbali inayo. Chinthu ukachimva zaka zonsezo umachidziwa ngati kutsokomola kwa mwamuna wako, uchikonde usachikonde.

Dzina loti Waya anamupatsa ndi iwo omwe. Ali wamng'ono, chilichonse chamagetsi m'nyumbamo chinkafa msanga: wailesi ya malemu bambo ake, simbi yositira, ngakhale belu la pageti la aneba. Koma mlandu waukulu anaupalamula ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku lina m'mawa mayi ake anakhala pa makina osokera, mayunifomu a sukulu makumi atatu akuwadikira, nkutambasula mwendo kuti aponde chopondera. Phazi linangofikira pasimenti. Chopondera palibe. Chingwe chake chadulidwa bwinobwino, ndi sizasi yawo yomwe.

Anamupeza kuchipinda atachiphwasula, zam'kati atazilowetsa m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi zidutswa za wailesi ija. Mayi ake asanatsegule pakamwa, mwanayo anati, "Amayi, musandimenye kaye. Tamvani." Anaponda pachitinipo, nkukwapula gitala.

Galasi la zenera linalira. Galu wa aneba anathawira kunsi kwa galimoto. Mayi ake anaima ndi rula m'manja, thupi lonse lili tsemwe. Kenako anamumenya ndithu, chifukwa mayunifomu aja anawasoka akupukusa gudumu la makina ndi dzanja kwa masabata awiri.

Chitini chimenecho ndi chimene chinamunyamula. Poyamba bandi yake inkathamangitsidwa m'maholo nyimbo isanathe. Kenako ana asukulu anayamba kudumpha mipanda kuti akaimve. Kenako wailesi, kenako ndege, mayiko akutali, zithunzi zake pamakoma a m'misewu, tsitsi mpaka pamsana. Kulikonse kumene ankapita, oimba magitala ankagwada pansanja nyimbo zikatha, kusuzumira chitinicho, nkumafunsa kuti muli chiyani. Waya ankawajambulira papepala mizere yokhotakhota, nkumatchula mayina ataliatali a tizipangizo. Anzake khumi ndi awiri anawapangira zawozawo ndi manja, akutola zopondera zakufa zimene zinkadzaza katoni kunsi kwa tebulo la mayi ake. Nyumba anagula yake, yaikulu, koma chipinda cha mawaya chija sanachisamutse. Ankati kwina kulikonse makoma samveka bwino. Mayi ake ankati akungotsata tiyi waulere.

Tsopano Waya anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, imvi zitayamba, ndipo fakitale ina yopanga masipika inafuna kupanga kabokosi konga chitini chake chija kuti aliyense azigula: zikwizikwi, dzina lake pamwamba. Miyezi itatu m'mbuyomo anawapatsa chitini chija ndi pepala la mizere. Tsiku limeneli linali lokamva kabokosi koyamba. Akangosaina kuti nkomweko, masana omwewo ntchito iyamba, ndipo palibenso kubweza.

Mayi ake sanaitanidwe.

"Inu mukakafika kumeneko mukayamba kunenerera ngati muli pamsika," anatero Waya m'mawawo, akumwa tiyi choimirira kukhitchini.

"Ndiye ukufuna akakupusitse wekha, popanda mboni?"

"Amayi, ndi anthu ophunzira."

"Ophunzira ndiwo amapusitsa bwino."

Akukangana chonchi, ketulo yachiwiri inali ikuimba mluzu pambaula, kumbuyo kwenikweni kwa Waya. Inaimba, inaimba, mpaka mphaka anatuluka panja. Waya sanacheuke. Anamaliza tiyi, nkunyamula gitala, ulendo.

Mayi ake anazimitsa mbaula. Nkhani imeneyi anali akuidziwa kwa zaka ziwiri. Mawu apansi, ogunda pachifuwa, mwanayo ankawamva. Koma timawu tapamwamba, tosongoka, tinali titamuthawa, masipika atamudya makutu. Polankhula ndi munthu ankayang'ana milomo. Foni ikalira ankati anali m'maganizo. Za dokotala sankafuna kumva nkomwe, chifukwa woimba wogontha angamuitane ndani? Iye sananene, iwonso sananene. Koma lero munthu ameneyo ndi amene akukamva kabokosi nkuvomera m'malo mwa dziko lonse.

Pakhomo pa chipinda panali patapachikika jekete limene anamusokera masiku atatu, loti akajambulitse. Waliiwala.

"Zikomo poiwala," anatero mayiwo. Analipinda, nkuliponya m'chikwama momwe munali sizasi ndi tepi, nkuthamangira basi.

Pageti la fakitale mlonda anatambasula mkono. "Mayi, muli ndi chiphaso?"

"Ndili ndi mwana m'katimo. Ndinamubereka ndekha, popanda chiphaso. Tsegulani, bambo, ndachedwa."

Mlondayo anayang'ana nkhope yawo, nkutsegula.

M'katimo munali holo yaitali, matebulo m'mizere, aliyense ndi nyale yake ndi kachitsulo kotentha kowotcherera mawaya. Fungo la mtovu wosungunuka linali lomwe lija la kuchipinda kwa Waya, kungoti kuno pansi panali posesa. Antchito onse, ovala makhoti abuluu, anali atasiya ntchito nkuunjikana kutsogolo. Kumeneko kunali sipika yaitali ngati kabati, tebulo loyalidwa nsalu yoyera, mapepala, cholembera, ndipo pansi, pakapeti, kabokosi kofiira konyezimira, kolembedwa WAYA ndi zilembo zasiliva. Kunena zoona, kanali kokongola. Mayiwo anamva mtima ukudumpha, nkuuletsa.

Mwini fakitale anali bambo wamfupi, wansangala, wovala suti yokwera mtengo koma mkono umodzi wautali kuposa unzake. Amake Waya anaona mkonowo asanaone nkhope. Pambali pake panaima injiniya wa fakitaleyo, mayi wamagalasi okwezedwa pamutu, zala zake zili ndi zipsera za mtovu. Ameneyu mayiwo anamukonda pomwepo. Munthu wa zipsera ndi munthu wa ntchito.

"Amayi!" anatero Waya atawaona.

"Waiwala jekete. Vala, usajambulidwe ngati wotola mabotolo."

Antchito anaseka. Mwini fakitale anawomba m'manja. "Amayi athu! Takulandirani! Mwafika nthawi yabwino, mudzionere nokha zimene munabereka."

"Ndazionera zaka makumi anayi, bambo. Yambani."

Waya anavala jekete, nkukoleka gitala, nkulumikiza chingwe ku kabokosi kofiira. Anaponda. Anakwapula.

Eee! Holo yonse inadzaza. Malata a padenga anayankha. Inali nyimbo yake yakale ija, imene aliyense amaidziwa, ndipo antchito anayamba kudumpha ndi makhoti awo, ena kumenya matebulo, wina kukwera pampando. Zala za Waya zinkathamanga ngati sizinakalambe. Anaweramira kumbuyo, tsitsi likusesa mpweya. Mwini fakitale ankavina kamimba kokha. Wojambula zithunzi anagwada, kudzuka, kugwadanso.

Amake Waya anapendeketsa mutu. Anatseka maso. Anadikira malo aja amene mwanayo amaponda mpaka pansi, pamene kunyumba mano amawayabwa, singano nkuwalakwitsa mzere. Malowo anafika, nkudutsa. Palibe chimene chinachitika m'mano mwawo.

"Si chimenechi," anatero.

Palibe anamva. Ananenanso mokweza, palibe anamva. Ndiye anatsata chingwe cha sipika mpaka pakhoma, nkuzula.

Zii. Wa pampando uja anatsala mkono uli m'mwamba.

"Amayi, mwatani?" anakuwa Waya.

"Ndati si chimenechi."

Mwini fakitale anaseka kaseko kaulemu. "Aa, amayi, nyimbo zimenezi n'za achinyamata. Ife akuluakulu..."

"Achinyamata ake ati? Uyu ali ndi imvi. Bambo, phokoso limeneli landidwalitsa mutu kuyambira inu musanamere kamimba ako. Ndikulidziwa. Ili si lomwelo."

Injiniya anatsitsa magalasi. "Mayi, tatsata pepala lake mzere ndi mzere. Ndayeza ndi makina kasanu. Kusiyana kulipo n'kwakuti kathuka n'koyera. Tachotsa kaphokoso kauve kamene kanali m'chitini."

"Mwachotsa chiyani?"

"Kauve. Kokhala ngati mchenga pamwamba pa mawu."

Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, kusowa mawu a sukulu oti afotokozere. Maso anagwera pansalu yoyera ya patebulo. Anasuntha mapepala, nkutulutsa sizasi m'chikwama.

"Tcherani makutu nonse."

Anadula m'mphepete, khwe, khwe, khwe, bwinobwino, mzere wowongoka. "Mwamva? Ako ndi kabokosi kanu kofiira. Kaulemu. Kopempha madzi." Anaika sizasi pansi, nkugwira nsaluyo ndi manja awiri, nkukoka ndi mphamvu zonse.

Kwaaaaa!

Anthu anadzidzimuka, ena kugwira masaya.

"Icho ndi chitini cha mwana wanga."

"Nsalu ya mkazi wanga!" analira mwini fakitale.

"Ndikusokerani, msoko sudzaoneka. Mwamva kusiyana kapena ndibwereze?"

Bamboyo anakumbatira nsalu yotsalayo, nkutembenukira kwa Waya. "Mwini wake ali pano. Akulu, inuyo mwaimba nokha. Pali kusiyana?"

Waya anayang'ana kabokosi. Anayang'ana cholembera. Mayi ake sanawayang'ane.

"N'chimodzimodzi," anatero motsitsa.

"Mwamva, amayi! Mwini wake wanena. Cholembera nachi, akulu."

Apa mayiwo anaganiza msanga. Akakhala chete, zikwi za timabokosi taulemu tipita m'masitolo ndi dzina la mwana wawo, ndipo woimba aliyense amene anagwadapo pansanja kusuzumira chitini adzati Waya wagulitsa bodza. Akalankhula, amuvula pamaso pa anthu ndi wojambula zithunzi. Anagwira dzanja la mwanayo cholembera chisanafike papepala.

"Chitini chili kuti?" mayiwo anafunsa injiniya uja.

"Mukabati yanga, mayi."

"Katengeni. Ndipo nonsenu a makhoti, tembenukani, muyang'ane kukhoma. Inu injiniya muzisintha chingwe, osanena kuti n'chiti. Iwe Waya uzingoimba."

"Amayi, tilibe nthawi," anatero mwini fakitale. "Malole abwera..."

"Inunso kukhoma."

Bamboyo anatembenuka. Sanadziwe kuti watembenuka bwanji, koma anatembenuka.

Chitini chinabwera, chophwanyika m'makona, chithunzi cha mabisiketi chitafufutika ndi nsapato. Pambali pa kofiira kaja chinkaoneka ngati msuweni wakumudzi pa ukwati wa olemera. Mayiwo anabwezera pulagi pakhoma. Injiniya analumikiza kofiira. Waya anaimba. Misana ya buluu inagwedezeka, mitu kuvomera. Injiniya anasintha chingwe mwakachetechete. Waya anaponda pachitini, nkukwapula mawu omwewo.

Holo inang'ambika pakati.

"Uyo!" anakuwa mayi wina wa kumapeto, asanaloledwe nkomwe kucheuka. "Ameneyo ndiye Waya!"

Onse anatembenuka nthawi imodzi, kukuwa, kuloza chitini. Bambo wina wachikulire, woyang'anira mzere wa masipika, ankapukuta maso ndi khoti. "Nyimbo imeneyi ndinavina tsiku limene ndinakumana ndi mayi a kunyumba," anatero. "Likanakhala phokoso loyamba lija, sindikanawafunsira!"

Waya anaika dzanja pa nsambo za gitala, phokoso nkuduka. Ankayang'ana nkhope za anthuwo, mmodzimmodzi. Iye anali ataimba kawiri, nkumva chinthu chimodzi.

Mayi ake anaima patsogolo pake, pafupi, kuti aone milomo yawo. "Unena wekha kapena ndinene ine? Ukudziwa ine sindikometsera."

"Munadziwa liti?"

"Kalekale. Nena."

Waya anatembenukira kwa anthuwo. Kenako anakweza mutu. "Abale, ine makutu anatha. Zaka ziwiri tsopano. Zapansi ndimamva, zapamwamba ayi. Kauve kamene mukunenako sindikukamva. Ndikanasaina."

Wojambula zithunzi anatsitsa kamera yekha.

"Chabwino, zamveka," anatero mayiwo. "Musamuyang'ane ngati maliro, zala zake mwaziona nokha. Injiniya, tsegulani zinthuzi tione chimene mwataya."

Injiniya anali atatenga kale sikuludiraiva. Anaika ziwirizo patebulo lake pansi pa nyale, anthu nkuunjikana mpaka kupumirana m'makosi. Anamasula. M'kofiira munali mwaukhondo ngati m'chipatala. M'chitini munali ngati chisa cha mbewa.

"Onani," anatero injiniya, akuloza ndi nsonga ya sikuludiraiva. "Ichi ndi ichi, chimodzimodzi. Ichi ndi ichi. Zonse. Kupatula apa, pansi pa popondera. Koma apa analemba yekha papepala." Anatulutsa pepala la mizere lija, nkuwerenga: "Apa ikanipo chatsopano, chabwino."

Onse anayang'ana Waya.

"Ndinkachita manyazi," anatero. "Ntchito yake n'kungochepetsa ndi kuwonjezera magetsi basi, chilichonse chikhoza kugwira. Ndiye zinyalala za makina osokera zilowe m'chinthu cholembedwa dzina langa?"

"Zinyalala?" Mayi ake anamukankha ndi chigongono, nkuweramira pachitini. Munali kachubu koyera ngati kapu yadothi, kothimbirira ndi utsi. Anakadziwa ngati mwana wawo wina. "Injiniya, munasuzumiramo umu?"

"Ayi, mayi. Pepala linati tichotse."

"Tsegulani kumapetoku. Pang'onopang'ono, angamwazike."

Injiniya anamasula, nkupendeketsa. M'dzanja mwake munagwera timabatani takuda, topyapyala, topanda mabowo, tambirimbiri. Tinamudetsa chikhatho.

"Mabatani a makala," anatero mayiwo. "Zopondera zakale zonse zili nawo. Ukaponda pang'ono, amangokhudzana, makina nkumang'ung'udza. Ukaponda kwambiri, amapanikizana, makina nkuthamanga. Telala aliyense amawadziwa, chifukwa ukamasoka wailesi ili pafupi, imachita tsetsetse, mpaka nkhani osazimva. Bambo ake a uyu ankanditukwanira zimenezo nthawi ya mpira."

Injiniya anayang'anitsitsa m'dzanja mwake. Kenako anamenya tebulo mpaka nyale inagwedezeka. "Magetsi akudumphadumpha pakati pa mabataniwa! Sakudutsa mosalala, akukhukhuluzika! Mchenga uja ndi umenewu! Miyezi itatu ndakhala ndikuuthamangitsa ngati mdani!"

Waya anagwira pamutu ndi manja onse. "Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndi mizere yanga. Ndafotokozera anthu m'mayiko asanu ndi atatu kuti ndi mizere yanga!"

"Mizere yakonso ilipo, usalire," anatero mayi ake. "Koma nzeru zako zazikulu zinali kuba chinthu choyenera."

Antchito anafa nako kuseka, Waya naye yemwe, akupukuta m'maso.

"Tiike amenewa m'kofiiramu, timve!" anatero injiniya.

"Ayi, bwezerani momwemo, chitini chisafe. Tipeze china." Mayiwo anagwira khoti la wantchito amene anali pafupi, nkutembenuza msoko. "Makhoti awa amasoka ndani?"

"Telala wathu, kuseri kwa sitolo. Amasokanso zikwama za masipika."

"Makina ake ndi akale?"

"Akale kuposa fakitale!"

Simunaone anthu akuluakulu akuthamanga ngati tsiku limenelo. Injiniya patsogolo, mayiwo pambuyo pake chikwama chikuwamenya m'chiuno, makhoti abuluu khumi kumbuyo. Telala wa fakitale, nkhalamba yoonda, anali pakati pa msoko pamene anaona mayi wachilendo akugwada kunsi kwa makina ake.

"Mayi! Mayi! Chimenecho n'chopondera changa!"

"Pepani achimwene, kuwawa kwake ndikukudziwa. Mawa ndikubweretserani ziwiri."

Pamene injiniya ankawotcherera kachubu ka telala m'kabokosi kofiira, utsi wa mtovu ukukwera, mwini fakitale anakokera mayiwo pambali. Thukuta linali litamunyowetsa kolala.

"Amayi, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Tapanga kale makumi anayi oyeserera. Zipangizo zatsopano tagula katoni pa katoni."

"Mupangire mawailesi."

"Nanga mabatani amenewa tiwapeza kuti zikwizikwi?"

"Akupangidwabe, bwana!" anakuwa injiniya osadzutsa mutu. "Okonza makina akale amaitanitsa!"

"Ndipo akachedwa, matelala onse a m'tauni muno ndikuwadziwa," anatero mayiwo. "Aliyense ali ndi katoni ya zakufa. Icho chatha. China: kabokosi kasatuluke pageti ndisanakamve ine."

"Aa, amayi! Tili ndi makina oyezera."

"Makina anu ayeza kasanu, akunamizani kasanu."

Bamboyo anapukuta pamphumi. "Chabwino. Kamodzi pa zana lililonse."

"Kalikonse."

"Simungathe, amayi, ndi zikwi! Kamodzi pa makumi asanu."

Mayiwo ananyamula chikwama. "Waya, tenga chitini tizipita. Mafakitale ndi ambiri."

"Kamodzi pa makumi awiri!"

"Pa khumi. Ndimasankha ndine, osati inu. Ndikakakana, onse khumi abwerera."

"Masiku awiri pa sabata."

"Atatu. Galimoto izidzanditenga pakhomo, basi yandithyola msana. Ndipo bambo aja ofunsira akazi ndi gitala azikhala pambali panga, aphunzire. Ine sindikhala mpaka kalekale."

"Amayi, kodi munali kuti pamene ndinkagula fakitale ino?"

"Ndinkasoka. Lembani zonsezo papepalapo. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, ndiye muwerenge mokweza, injiniya amve, a makhoti amve."

Bamboyo analemba ndi dzanja pansi pa pangano, nkuwerenga mokweza ngati mwana wa kalasi yoyamba. Antchito ankavomera mzere uliwonse ndi mfuu. Atamaliza, mayiwo anatembenukira kwa mwana wawo, nkumugwira chibwano kuti awayang'ane.

"Iwenso pako palipo. Lolemba kwa dokotala wa makutu. Ndikuperekeza."

"Amayi, ndine munthu wamkulu."

"Ukakana, makutu angawa ndibwerera nawo kwathu. Sankha."

"Lolemba," anatero Waya.

"Katha!" anakuwa injiniya. Anamanga tizomangira tinayi, nkuuzira kabokosi ngati kakutentha, nkukaika pakapeti. Analumikiza chingwe.

Nthawi ino palibe anatembenukira kukhoma. Ngakhale telala uja anali atabwera, ataima pakhomo ndi nsalu paphewa. Waya anakoleka gitala. Sanayang'ane anthu, sanayang'ane zala zake. Anayang'ana nkhope ya mayi ake, chifukwa makutu ake tsopano anali pamenepo.

Anaponda. Anakwapula. Phokoso linatuluka, likulira pang'ono m'mphepete. Mayiwo anapendeketsa mutu, nkhope osasintha. Mwini fakitale anali ataluma tayi.

"Ponda, iwe!" anakuwa mayiwo, akumenya phazi pansi kuti aone. "Ukuponda ngati pali dzira! Mpaka pansi!"

Waya anadumpha, nkutera pakabokosipo ndi thupi lonse.

Kwaaaaa!

Linabwera lonse, ndi mchenga wake, ndi mano ake. Tizomangira tinavina pamatebulo. Mayi wa kumapeto uja analira mokweza, bambo wachikulire anagwira mwini fakitale m'chiuno nkuyamba kumuzunguza, injiniya anaponya magalasi m'mwamba osaganiza kuti agwera pati. Amake Waya anamva mano awo akuyabwa, kuyabwa komwe kuja. Analola mwanayo adikire pang'ono, mzere umodzi wa nyimbo, iwiri, kuti atsimikize kuti si mtima wa ubereki ukuwanamiza. Ayi ndithu.

"Ndi chimenechi," anatero. M'phokosomo palibe akanamva, koma Waya anawerenga milomo. "Saina."

Sanavule gitala. Anayenda nalo mpaka patebulo, mawu omaliza akulirabe m'sipika, nkusaina ndi dzanja lonyowa thukuta, dzina lonse, lalikulu, mpaka linadutsa mzere.

"Yatsani makina!" anakuwa mwini fakitale, akudzimasula kwa bambo wachikulire uja.

"Dikirani, bwana," anatero injiniya, akufufuza magalasi ake pansi. "Makumi anayi aja ayenera kumasulidwa kaye. Ndipo mabatani tilibe."

"Katoni ili kunsi kwa tebulo langa, muli zopondera zoposa makumi awiri," anatero mayiwo. Anatulutsa makiyi a nyumba, nkuponyera Waya. "Thamanga ukatenge, usaime kucheza ndi aliyense. Enanu mukuyang'ana chiyani? Masulani khumi oyamba, dzuwa likupita."